Chaka Chimene Ndinatsanula Mowa wa Agogo

Ngo, ngo, ngo. Chikho chikugunda pakamwa pa mbiya. Ndi phokoso limene limandibwerera ndikaganiza za chilimwe cha chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. Silinali lalikulu, munthu wodutsa m'njira sakanalimva. Ine ndinkalimva chifukwa ndinali mwana wosalankhula, wongoyang'ana ndi kumvetsera.

Chikhocho chinali cha agogo, amayi a amayi anga. Ndiwo anandilera kuyambira pamene amayi anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Bambo anali atatsogola kale, nkhope yawo sindiidziwa. Tinkakhala awiri m'nyumba ya udzu kumapeto kwa mudzi, chakum'mawa kwa Mitundu, m'mbali mwa njira ya ngolo yopita ku Nathenje. Agogo anali munthu wamfupi, wa mawu ochepa koma olasa. Akafuna kundiseka ankanditcha amuna awo. "Amuna anga, nkhuni zija zibwera zokha kodi?"

Tinkadya za mowa. Anthu ambiri kwathu amakonda masese okhuthara, oti uvundule usanamwe, ndipo agogo ankaphikanso amenewo. Koma dzina lawo linamveka chifukwa cha mowa wina umene anthu ankangoti wa pamwamba. Kudimba kwathu, pafupi ndi chitsime, kunali mbiya zitatu zokwiriridwa mumchenga wonyowa mpaka m'khosi. Agogo akatha kukuntha, tinkatuta mowa ndi ndowa kukathira m'mbiyamo, n'kuvundikira ndi masamba a nthochi. Mumchenga muja mowa unkazizira, n'kusiya kutumphuka, nsenga zonse n'kutsikira pansi. M'mawa mwake pamwamba pankakhala mowa wopepuka, wooneka ngati tiyi wamkaka, wozizira mpaka m'mano. Aphunzitsi, makalaliki ndi alangizi, anthu a malaya oyera amene safuna madeya m'ndevu, ankaubwerera pa njinga kuchokera kutali.

Luso lonse linali pochotsa mowawo osadzutsa nsenga. Umayamba ndi chikho, kutunga pamwamba penipeni pang'onopang'ono, chikho osachimiza chonse. Ukafika pakati umafukula mchenga mbali imodzi, n'kupendeketsa mbiya kuti mowa utsikire mu ndowa ngati ulusi. Ukaona mzere woyera wa nsenga ukukwera kupita kukamwa kwa mbiya, umaleka pomwepo, ngakhale mtima ukukuuza kuti watsala wambiri. Wa mu ndowa ndiye umathira mumgolo. Lamulo la agogo linali limodzi, ndipo ndinalimva kangapo kuposa dzina langa: "Mbiya ikadikha sisunthidwa. Tsanula kaye, unyamule pambuyo."

Ntchito imeneyi sankapatsa munthu. Ngakhale amayi anga, ndinamva, anakwatiwa asanaloledwe kugwira chikho chija.

Chaka chimenecho, titangokolola, manja a agogo anayamba kunjenjemera. Anayamba ndi dzanja lamanja. Sananene kanthu, inenso sindinafunse. Ndinangoona kuti singano aisiya, chigamba cha kabudula wanga akuti ndisoke ndekha chifukwa ndakula. Madzi anayamba kumwera kuseri kwa nyumba. Pakabwera mlendo ankapinda manja m'chitenje ngati munthu womva mphepo. Koma kudimba kunalibe kobisala. Chikho chinkagunda mbiya, mowa n'kugwedezeka, ndipo ndinkaona mtambo woyera ukudzuka pansi n'kukwera. Agogo ankatukwana chapansipansi, n'kuvundikiranso, tidikirenso tsiku lina.

Chifukwa chobisira ndinkachidziwa. Amalume, mwana wawo wamwamuna yekhayo, ankakhala ku Mitundu. Ankalima fodya, anali ndi ngolo ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi. Tsiku lina atabwera kudzatiyendera, ine ndikutong'ola chimanga pakhonde, ndinawamva akunena mosakweza mawu: "Amayi, mukadali ndi mphamvu khalani naye. Koma tsiku limene mudzalephere, mwanayu ndidzamtenga, sukulu akapitiriza kwathu. Inu mudzapita kwa achemwali ku Likuni, kufupi ndi chipatala." Agogo anayankha kuti adzalephera tsiku limene adzawanyamule anthu anayi.

Lero ndikudziwa kuti amalume sanali munthu woipa. Ankanena zimene mwini mbumba aliyense akananena. Koma ine pa nthawiyo ndinkangomva kuti Mitundu ili uku, Likuni uko, ndipo pakati pake palibe njira yoti mwana angayende wapansi.

Mwezi wa Seputembala agogo anandiitanira kudimba, n'kundipatsa mbiya yakale yong'aluka kukamwa. Anati ndithiremo madzi amatope a m'dambo, ndiwasiye adikhe, kenako nditunge oyera okhaokha. "Ndikaona dothi mu ndowamo, mudya dothilo, amuna anga." Sananene chifukwa chake. Ndinayamba tsiku lomwelo.

Sindikumbuka nyengo ina imene ndinasowa mtendere chotero. Nyenje zinkalira kuyambira m'mawa mpaka mutu kuwawa. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira kudimba osadya, kukatunga madzi amatope, kuwavundula, kuwadikira, kuwatunganso. Kudikirako ndiye kunkandipha. Ndinkazungulira chitsime, kukwera pachulu kuyang'ana njira ya ku Mitundu ngati kukubwera ngolo, kutsika, kusuzumira m'mbiya, kukweranso. M'kalasi ndinkapendeketsa botolo la inki kuti ndione mmene likuyendera mpaka linanditayikira pa kope. Njinga iliyonse ikalira belu pafupi ndi nyumba, ndinkathamangira pabwalo kukaona ngati ndi amalume. Ndinayamba kuyenda patsogolo pa agogo kulikonse, kulandira zinthu m'malo mwawo, kupereka chikho kwa ogula iwo asanatambasule dzanja. Anthu ankati mwana wamasiyeyu ndi waulemu.

Pofika Okutobala ndinali nditatsanula mowa weniweni kanayi, tili awiri, m'mawa anthu asanayambe kutsikira ku madimba. Agogo ankaima kumbuyo kwanga, mpweya wawo ukundifika m'khosi. "Leka," ankatero, ndipo kachitatu ndi kachinayi ndinali nditaleka kale iwo asananene. Sanandiyamikire. Anangosiya kunditukwana.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera ku Nathenje. Aphunzitsi ena amene kale ankaphunzitsa pasukulu yathu asanawasamutsire kumeneko ankakwatitsa mwana wawo wamkazi, ndipo ankafuna mgolo wa mowa wa pamwamba wa alendo olemekezeka. Anali a mpingo wosaletsa mowa. Anagwirizana ndi amalume kuti ngolo ndi mgolo zikhale za amalumewo. Agogo anatumiza mawu kuti mgolo ufike Lachisanu, ugone kwathu, ngolo idzabwere Loweruka kudzangonyamula. Anawerengera bwino: tikanatsanula awiri m'mawa, amalume n'kupeza zonse zatha.

Lachisanu mgolo sunabwere. Ndinakwera pachulu mwina kakhumi. Loweruka dzuwa litangotuluka tinamva magudumu, ndipo amalume anatsikira ndi ngolo mpaka kudimba, mgolo uli pamwamba. Anati dzulo anatanganidwa ndi kuthirira nazale ya fodya. Anautsitsa, anauimika pafupi ndi mbiya, n'kukhala pansi pambali pa chitsime, n'kuyamba kupichira fodya.

"Tsanulani, amayi. Ine sindikhudza, ndikudziwa malamulo anu."

Agogo anayang'ana mbiya, anayang'ana mwana wawo. Ine sanandiyang'ane. Akanatunga okha, amalume akanaona dzanja. Akanandipatsa ine chikho, amalume akanafunsa kuti zayamba liti kuti mwana wa zaka khumi agwire chimene mlongo wawo anamanidwa mpaka kukwatiwa.

"Fukula mbiyazi ukweze," anatero agogo. "Tikatsanulira komweko."

Amalume anachotsa ndudu kukamwa. "Amayi, si inu munandimenya ndi chikho pamutu ndili mwana, chifukwa ndinangotsamira mbiya?"

"Unali mwana wopusa. Kweza, dzuwa likukwera."

Amalume anaitana bambo wina wa dimba loyandikana nalo, anafukula mbiya zitatu zija, anaziika pa nkhata za udzu m'ngolo, n'kumanga kukamwa ndi masamba a nthochi ndi luzi. Mgolo anaukwezanso wopanda kanthu. Ndinaima n'kumaonerera lamulo lokhalo la pakhomo pathu likuthyoledwa ndi mwini wake. Ndikuganiza tsopano kuti agogo ankadalira phokoso la ukwati: kuti tikafika amalume akamezedwa ndi anzawo, ife n'kubisala kuseri kwa nkhokwe ndi mbiya zathu. Za mowa ankadziwa kuti uwonongeka. Anasankha chimene angataye.

Njira ya ngolo m'mwezi umenewo ndi mabampu okhaokha, matope a dzinja atauma ngati njerwa. Ndinakhala pakati pa mbiya, manja awiri pa ziwiri, msana pa yachitatu, ngati ndingaziletse kugwedezeka. Ndinkamva mowa ukuwomba m'kati. Mbiya zimene zinatuluka mumchenga zikuzizira ngati mwala zinayamba kufunda pansi pa zikhatho zanga. Posakhalitsa thovu linayamba kutuluka m'mphepete mwa masamba, fungo lowawasa n'kukwera, ntchentche n'kutipeza. Ndinapempha amalume kuti ayendetse pang'ono, mawu oyamba amene ndinawalankhula tsikulo. Anaseka. "Mphwanga, ng'ombe izi zikayenda pang'ono kuposa apa ndiye kuti zagona."

Chakufupi ndi Nathenje tinapeza mtengo wopingasa pamsewu ndi anyamata a chipani a malaya ofiira akufunsa makhadi. Amalume anatulutsa yawo m'thumba. Ya agogo inali pa mfundo ya chitenje, ndipo ndinaimasula ine msangamsanga, amalume ali kutsogolo kugwira ng'ombe. Mnyamata wina anakwera m'ngolo, anafunsa chimene chili m'mbiya, anamasula luzi. Anatenga chikho cha agogo, n'kuchimiza mpaka pansi, n'kuvundula bwinobwino monga amachitira munthu aliyense woleredwa pa masese. Anamwa, anapukuta kukamwa, n'kunena kuti mowa wa amayiwa ndi wabwino, tipite. Sankadziwa kuti walakwa chilichonse.

Aphunzitsi anatilandira atavala jekete ngakhale kunali kotentha. Anavundukula mbiya yoyamba n'kuyang'ana kwa nthawi. M'katimo munali phala.

"Mayi, uwu si umene tinapangana."

"Ndipatseni mchenga wonyowa ndi mthunzi mpaka dzuwa lipendeke," anatero agogo. "Akwati akadali kutchalitchi. Alendo anu ayambe ndi thobwa."

Kumunsi kwa nyumba ya aphunzitsi kunali mtsinje wouma, wa madzi m'zithaphwi zokha. Tinatsikira kumeneko ndi ngolo. Ndinakumba ndi manja pansi pa mtengo wa mkuyu mpaka ndinapeza mchenga wozizira, ndipo amalume anatsitsiramo mbiya. Ndinkayembekeza kuti tsopano akwera kumtunda kumene ng'oma zinali zitayamba. Koma ng'ombe zinkafuna madzi, ndipo madzi anali pomwepo. Anazimasula, anazimwetsa, n'kugona chagada pamthunzi womwewo, chipewa kumaso.

Maola amenewo ndimawamvabe m'miyendo. Sindikanatha kukhala pansi. Ndinkatunga madzi m'chithaphwi kuthira mumchenga mozungulira mbiya, kubwerera, kuthiranso. Ndinkafuna kusuzumira koma agogo ankandiletsa ndi diso. Kumtunda nthungululu zinamveka, akwati afika. Kunabwera mtsikana kudzafunsa ngati mowa wapsa. Kunabwera wachiwiri. Kachitatu kunatsika amayi awiri onenepa a kukhitchini, manja m'chiuno.

"Kodi mowa wa ku Mitundu umayamba wabatizidwa mumtsinje?"

"Umadikira anthu a ludzu laulemu," anayankha agogo. "Inu kamweni madzi otsukira mbale."

Amayi aja anabwerera akuseka. Amalume anasekanso pansi pa chipewa, ndiye ndinadziwa kuti sakugona.

Dzuwa litapendeka aphunzitsi anatsika okha. Jekete anali atavula. Anati alendo a ku boma ayamba kuyang'ana mawotchi, ndipo ngati palibe chimene chingatheke tingowapatsa mmene uliri, akauza anthu kuti mayi aja akalamba. Sananene mwachipongwe. Amalume anadzuka n'kukhala tsonga.

Agogo anavundukula mbiya. Nsenga zinali zitatsika, osati zonse ngati za usiku wathunthu, koma pamwamba panali mowa. Chikho chinali pa masamba, pafupi ndi phazi lawo. Anaima pamenepo, manja m'chitenje. Anthu atatu akuluakulu aja, aliyense ankadikira mnzake.

Palibe anandituma. Ndinagwada, ndinatola chikho, ndinayamba.

Ndinatunga pamwamba penipeni. Mowa unalowa m'chikho mwakachetechete ngati mafuta. Ndinaiwala aphunzitsi, ndinaiwala ng'oma. Nditafika pakati ndinafukula mchenga mbali imodzi, ndinakumbira ndowa malo, ndinakumbatira mbiya pachifuwa n'kuipendeketsa. Inali yolemera kuposa za masiku onse chifukwa ndinkaopa kutunga mozama. Mikono inayamba kuwotcha. Mzere woyera unabwera msanga, ndipo ndinaleka. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, imene mnyamata uja anavundula, inapereka ndowa imodzi yokha. Mgolo sunadzaze, unapitirira theka pang'ono.

Aphunzitsi analawa, anatseka maso, anagwedeza mutu. "Ndi womwe uja. Mwana uyu mwamuphunzitsa, mayi." Anaitana anyamata kudzanyamula mgolo, atawachenjeza kuti ayende ngati anyamula mazira, n'kukwera nawo kumtunda.

Ndinatembenuka kuti ndione ngati amalume aona zimene ndachita. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana chitenje cha agogo, pamene panali manja.

Anatenga chipanda, anatunga wotsalira mu ndowa, n'kupita nacho kwa mayi awo ndi manja awiri.

"Talawani, amayi. Mowa wanu."

"Ndilibe ludzu."

"Ingogwirani."

Agogo anatulutsa manja. Anagwira chipanda, ndipo mowa unayamba kudumpha, kutayikira pa zala, pa chitenje, pa mchenga. Anayesa kuchifikitsa kukamwa. Amalume anachilandira chisanafike.

"Zayamba liti?"

"Ndi kuzizira kwa mchengawu," anatero agogo. Thukuta linali likutsika m'khosi mwa tonse atatu.

Amalume anakhuthula chipanda, anakamanga ng'ombe pamtengo, n'kunena kuti akupita kusitolo asanatseke. Ife tinakwera kuukwati. Anandipatsa mpunga ndi nyama, ndipo amayi onenepa aja anandiloza kwa anzawo kuti uyu ndiye mwini mowa. Ndinadya mpaka mimba kuuma. Kwa nthawi yoyamba chiyambire chilimwe, miyendo yanga inakhala malo amodzi. M'mutu mwanga nkhani inali yatha: mowa watuluka, aphunzitsi akondwa, amalume aona ndi maso awo kuti pakhomo pathu ntchito siingaime. Agogo sanadye. Ndinaganiza kuti atopa.

Tinagona komweko, ndipo m'mawa mwake tinabwerera ndi mbiya zopanda kanthu. Njira yonse amalume ndi agogo sanalankhulane, kupatula pamene amalume anatchula za chipatala cha ku Nkhoma, agogo n'kuyankha kuti ayang'ane kutsogolo ng'ombe zingalowe m'munda mwa eni. Titafika, amalume anafunsa ngati mbiya azitsitsire kudimba. Agogo anati aziike pakhonde, n'kulowa m'nyumba.

Amalume anaziika pakhonde mozondotsa. Kenako anabwerera kungolo, anasuntha matumba, n'kutulutsa bokosi lachitsulo latsopano, lobiriwira, lokhala ndi loko ndi makiyi awiri omangidwa pa kawaya. Anandiika nalo m'manja. Linkanunkha penti.

"Wagwira ntchito ya munthu wamkulu, mphwanga. Tenga. Makiyiwo usataye. Ndibwera Loweruka."

Anakwera, anakuwira ng'ombe, ngolo n'kulowera njira ya ku Mitundu. Ndinaima pabwalo nditakumbatira bokosilo mpaka fumbi linatha. Panalibe mwana m'mudzi monse amene anali ndi chinthu chotero. Ndinkaganiza za anzanga akusukulu, ndi kuti ndiikemo chiyani choyenera loko, poti ndinali ndi malaya awiri okha ndi bulangete limodzi. Ndinaitana agogo kuti adzaone mphoto yanga. Ndinaitana kawiri, ndipo sindinamvetse chifukwa chimene sanatulukire.